Kutentha mopitirira muyezo kwa batire la galimoto ya hybrid

Kutentha mopitirira muyezo kwa batire la galimoto ya hybrid ndi vuto limene limachitika pamene batire lalikulu loyendetsa mota ya magetsi latentha kuposa mmene zipangizo zoziziritsa zingathere kuliziziritsa. Galimoto ya hybrid ili ndi injini ya petulo komanso mota ya magetsi, ndipo ziwirizi zimathandizana kuyendetsa matayala. Batire lalikulu ndi losiyana ndi batire laling'ono la 12 V lomwe limapereka magetsi ku nyali, wailesi ndi makompyuta a m'galimoto.

Kutenthaku nthawi zambiri kumakhala chizindikiro cha vuto lina. Amakaniko amagawa magwero ake m'magulu atatu: mpweya woziziritsa sukufika bwino pa batire, batirelo likupanga kutentha kochuluka chifukwa chokalamba kapena kulemedwa ntchito, kapena sensa yoyeza kutentha ikupereka manambala olakwika. Ntchito yofufuza vutoli ndi kusiyanitsa zitatuzi. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa batire lalikulu ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa galimoto yotereyi, pomwe kutsuka fani kapena kusintha sensa kumafuna ndalama zochepa. Komanso batire latsopano likaikidwa m'galimoto imene njira yake ya mpweya ikadali yotsekeka, limawonongeka ngati loyamba lija.

Mmene batireli limapangidwira

Toyota Prius, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu Disembala 1997, ndi galimoto ya hybrid yoyamba kupangidwa yambirimbiri, ndipo batire lake ndi limene limagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pofotokoza nkhaniyi. Prius ya m'badwo wachiwiri, ya 2003 mpaka 2009, ndi ya m'badwo wachitatu, ya 2009 mpaka 2015, zili ndi batire la mtundu wa nickel-metal hydride, mwachidule NiMH. Batireli lili ndi mamojulo 28 osanjidwa moyandikana ngati mabuku pa shelefu. Mojulo iliyonse ili ndi maselo 6 a 1.2 V, choncho imatulutsa 7.2 V. Maselo onse pamodzi ndi 168 ndipo amapereka 201.6 V. Toyota Aqua ya m'badwo woyamba, yomwe inatuluka mu Disembala 2011 ndipo m'mayiko ena inkatchedwa Prius c, ili ndi mamojulo 20 opereka 144 V, ndipo batire lake lili pansi pa mpando wakumbuyo. Mabatirewa ankapangidwa ndi kampani ya Panasonic EV Energy, yomwe inasintha dzina mu 2010 n'kukhala Primearth EV Energy. Galimoto zambiri zatsopano, kuphatikizapo mitundu ina ya Prius ya m'badwo wachinayi, zili ndi batire la lithium-ion.

Mamojulo amalumikizidwa mondondozana ndi tizitsulo ta mkuwa totchedwa busbar, tomangidwa ndi manati. Chifukwa cholumikizidwa mwa njira imeneyi, magetsi onse a batire amadutsa mu selo iliyonse, ndipo selo imodzi yofooka imasokoneza batire lonse.

Batire lili ndi kompyuta yakeyake yoliyang'anira. Kompyutayi imayeza mavoliti a mamojulo awiriawiri, ndipo gulu la mamojulo awiri limatchedwa buloko. Prius ya mamojulo 28 ili ndi mabuloko 14, pomwe Aqua ili ndi 10. Imayezanso kuchuluka kwa magetsi olowa ndi otuluka, komanso kutentha kudzera m'masensa oikidwa m'malo angapo pa batire ndi pa njira yolowera mpweya. Pofuna kuti batire likhalitse, kompyuta simalola kuti lidzaze kapena kutheratu. Pa Prius ya NiMH imasunga chaji pakati pa 40% ndi 80%, ndipo nthawi zambiri imayesetsa kuti ikhale pafupi ndi 60%.

Komwe kutentha kumachokera

Gwero loyamba ndi magetsi enieniwo. Chinthu chilichonse chimene magetsi akudutsamo chimawakaniza pang'ono, ndipo kukanizaku kumatchedwa resistance. Katswiri wa sayansi wa ku England, James Prescott Joule, anasonyeza cha m'ma 1840 kuti kutentha kumene kumapangika kumadalira resistance komanso kuchuluka kwa magetsi kuchulukitsa ndi kuchuluka komweko. Izi zikutanthauza kuti magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Mwachitsanzo, buloko ya resistance ya 0.02 ohm ikamadutsitsa 50 A imatulutsa kutentha kwa 50 W. Magetsi akafika 100 A, kutentha kumafika 200 W. Buloko yomweyo ikakalamba mpaka resistance yake kufika 0.04 ohm, kutentha kumawirikizanso kawiri pa ntchito yofanana.

Gwero lachiwiri ndi zochitika za m'kati mwa selo. Selo ya NiMH imatentha kwambiri pochajidwa kusiyana ndi potulutsa magetsi, makamaka ikatsala pang'ono kudzaza. Pa nthawiyo mbali imodzi ya selo imayamba kutulutsa mpweya wa okosijeni, womwe umakaphatikizana ndi haidrojeni ku mbali inayo, ndipo kuphatikizanaku kumatulutsa kutentha. Mpweya ukachuluka m'kati, mojulo imafufuma kapena kavalavu kake kamatseguka n'kuutulutsa. Zikatere madzi a m'selo amachepa, resistance imakwera, ndipo selo imatentha msanga kuposa kale. Motero kutentha kumakalambitsa batire, ndipo batire lokalamba limatentha kwambiri.

Gwero lachitatu ndi malo amene galimoto ili. M'galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka, kutentha kumatha kupitirira madigiri 60. Batire ndi lolemera, choncho limatenga nthawi kuti litenthe, koma likatentha limachedwanso kuzizira. Mabatire a NiMH ndi a lithium-ion amagwira bwino ntchito pa kutentha kumene munthu amamvanso bwino, pakati pa madigiri 20 ndi 30 kapena kupitirira pang'ono. Pamwamba pa madigiri 45, batire la NiMH silisunga bwino chaji ndipo limakalamba mofulumira.

Mmene batire limaziziritsidwira

Galimoto zambiri za hybrid zimaziziritsa batire ndi mpweya wa m'kati momwe mumakhala anthu. Fani yamagetsi imakoka mpweya kudzera pa chibowo chokhala ndi timipata, n'kuudutsitsa m'paipi ya pulasitiki mpaka m'bokosi la batire. Mpweyawo umadutsa m'mipata yopyapyala ya pakati pa mamojulo kenako umatulukira m'paipi ina. Pa Prius ya m'badwo wachiwiri ndi wachitatu chibowochi chili pambali pa mpando wakumbuyo, ndipo pa Aqua chili m'munsi mwa mpandowo. Fani imayendera magetsi a 12 V, ndipo kompyuta imawonjezera liwiro lake pang'onopang'ono batire likamatentha.

Njirayi ili ndi malire ake. Fani singaziziritse batire kuposa mmene mpweya wa m'galimoto ulili. Ngati m'kati muli madigiri 40, batire silingatsike pansi pa madigiri 40. N'chifukwa chake choziziritsa mpweya cha AC chimathandizanso batire. Makampani ena anasankha njira zina. Ford Escape Hybrid yoyamba inali ndi chipangizo cha AC chapadera choziziritsa mpweya wopita ku batire, ndipo Chevrolet Volt ya 2010 imaziziritsa batire lake ndi madzi oyenda m'mapaipi.

Zizindikiro

Batire likayamba kutentha, kompyuta imalichepetsera ntchito isanayatse nyali iliyonse yochenjeza. Choncho zizindikiro zoyamba zimaoneka pa kayendedwe ka galimoto:

* Fani ya kumbuyo imamveka ikulira mwamphamvu kwa nthawi yaitali, ngakhale pa ulendo waufupi.
* Injini ya petulo simazima pa malo oima monga pa maloboti, ndipo galimoto imakana kuyenda ndi magetsi okha.
* Galimoto imachepa mphamvu ponyamuka ndi pokwera chitunda, injini ikulira kwambiri.
* Galimoto imamwa mafuta ambiri kuposa kale.
* Chithunzi cha batire pa dashibodi chimadzaza ndi kutsika mofulumira, m'mphindi zochepa chabe.

Vuto likakula, nyali yochenjeza imayaka. Pa Prius ya m'badwo wachiwiri imakhala ya makona atatu yofiira, ndipo pa mitundu ina pamabwera uthenga wouza woyendetsa kuti akayezetse zipangizo za hybrid. Galimoto zina zatsopano zimalemba uthenga wonena kuti zipangizo zoziziritsa batire zikufunika kutsukidwa. Kompyuta ikaona kuti pali ngozi, imachepetsa kwambiri liwiro kapena kukana kuyatsa nyali ya READY. Fungo la pulasitiki yopserera, utsi, kapena phokoso lophulika kuchokera kumbuyo ndi zizindikiro za ngozi yeniyeni.

Zomwe zimayambitsa vutoli

Kutsekeka kwa njira ya mpweya ndi gwero lofala kwambiri. Fumbi, tsitsi, ulusi wa zovala ndi ubweya wa ziweto zimakakamira pa mapiko a fani mpaka mipata yake kutsekeka. Fani yotere imazungulira ndi kulira bwinobwino koma imakankha mpweya wochepa. Prius zakale zinkatuluka ku fakitale zopanda sefa pa chibowo, choncho zinyalala zinkalowa mosavuta. Pa galimoto zokhala ndi sefa, sefayo ndi imene imatsekeka. Chibowo chimatsekedwanso ndi nsalu zovekera mipando, zikwama, majumbo kapena katundu woikidwa pa mpando wakumbuyo. Nthawi zina makoswe amamanga chisa m'paipi, kapena paipi imasiyidwa yosalumikiza pambuyo pa ntchito ina yokonza.

Fani yokha ikhoza kufa. Mota yake imatha, fyuzi imapsa, relay imasiya kugwira, kapena pulagi yake imachita dzimbiri madzi akamalowa m'buti.

Kukalamba kwa maselo ndi gwero lina. Mamojulo a pakati pa batire amazunguliridwa ndi anzawo mbali zonse, choncho amatentha kwambiri ndipo kawirikawiri ndi amene amayamba kufooka. Tizitsulo ta mkuwa timachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha mankhwala otuluka m'maselo, ndipo nati yosamangitsa bwino imatenthetsa malo amodzi mpaka kusungunula pulasitiki.

Kayendetsedwe kamathandiziranso. Galimoto ya hybrid ikamagwira buleki, mota imasanduka jenereta n'kumachaja batire. Pa mtsetse wautali batire limalandira magetsi ambiri mosalekeza mpaka kufika pa malire ake a pamwamba, pomwe NiMH imatentha kwambiri. Kunyamuka mwamphamvu ndi kuima pafupipafupi, kunyamula katundu wopitirira muyezo, komanso kuyenda tsiku lonse osapumira monga zimachitira galimoto za hayala, zonsezi zimawonjezera kutentha.

Kafufuzidwe ka vutoli

Kafufuzidwe kabwino kamayambira pa zinthu zosavuta ndi zosaopsa, ndipo bokosi la batire limatsegulidwa pomaliza.

Kufunsa ndi kuyang'ana

Makaniko amayamba ndi kufunsa mwini galimoto nthawi imene vuto limabwera: masana okha kapena ndi m'mawa momwe, potsetsereka kapena pokwera, AC ili yoyaka kapena ayi. Vuto lobwera masana okha limaloza ku mpweya wotentha kapena wochepa. Vuto lobwera galimoto itangolizidwa m'mawa silingakhale kutentha kwenikweni, chifukwa batire silinagwire ntchito. Kenako amayang'ana chibowo, sefa ndi m'buti ngati muli madzi. Amayezanso batire la 12 V, chifukwa likafooka makompyuta amatha kulemba mavuto amene kulibe.

Kuwerenga makhodi

Kompyuta ikapeza vuto imasunga khodi, yomwe imawerengedwa ndi sikana yolumikizidwa pa pulagi ya OBD-II ya mapini 16 pansi pa chiwongolero. Sikana zotsika mtengo zambiri zimawerenga kompyuta ya injini yokha, choncho pamafunika yotha kulankhula ndi kompyuta ya batire, monga pulogalamu ya Techstream ya Toyota. Palinso mapulogalamu a pa foni monga Dr. Prius ndi Hybrid Assistant, omwe amagwira ntchito ndi kachipangizo kolowetsa pa pulagi yomweyo. Makhodi okhudza nkhaniyi ndi monga awa:

* P0A7E: batire latentha mopitirira muyezo.
* P0A82: fani sikugwira ntchito mokwanira kapena yaima.
* P0A84 ndi P0A85: magetsi a pa waya woyendetsa fani atsika kapena akwera kuposa muyezo.
* P0A9C, P0A9D ndi P0A9E: vuto pa sensa yoyamba yoyeza kutentha kapena pa waya wake.
* P0A7F: batire lafooka ndi ukalamba.
* P0A80: kusiyana kwa mabuloko kwakula kufika poti batire lisinthidwe.
* P3011 mpaka P3024: buloko inayake yafooka, kuyambira yoyamba mpaka ya nambala 14.

Pamodzi ndi khodi, kompyuta imasunga manambala a mmene zinthu zinalili pa nthawi imene vuto linachitika, monga liwiro, kutentha kwa sensa iliyonse ndi mavoliti a mabuloko. Manambalawa amatchedwa freeze frame. Kufufuta makhodi kapena kuchotsa waya wa batire la 12 V kumawataya, choncho amayenera kulembedwa kaye. Kufufuta kumazimitsa nyali kwa masiku angapo koma sikukonza kanthu. N'chifukwa chake galimoto yogulitsidwa ikhoza kuoneka yabwino pa dashibodi pomwe batire lake lili ndi vuto.

Khodi ya P0A80 payokha sinena chimene chinapha batire. Ikabwera pamodzi ndi khodi ya fani, zimasonyeza kuti kuziziritsa kunalephera kwa nthawi ndithu, ndipo zonse ziwiri zimafunika kukonzedwa.

Kuyerekeza masensa

Masensa a kutentha ndi a mtundu wa thermistor, omwe resistance yake imatsika kutentha kukamakwera. Njira yosavuta yowayesera ndi kuwawerenga m'mawa galimoto itagona usiku wonse osayenda. Pa nthawiyo masensa onse amayenera kusonyeza manambala oyandikana, ofanananso ndi kutentha kwa kunja. Sensa imene ikusiyana kwambiri ndi inzake ndi yokayikitsa. Waya wa sensa ukaduka, kompyuta imaona ngati kwazizira koopsa. Mawaya akakhudzana, imaona ngati batire likupsa. Sensa ikasomphoka pa malo ake imayeza mpweya m'malo mwa mojulo, ndipo fani imachedwa kuyamba pomwe batire likutentha.

Galimoto ikamayenda, manambala a masensa amawerengedwa pamodzi ndi liwiro la fani, ndipo amasonyeza komwe kuli vuto:

* Masensa onse akwera, mpweya wolowa ndi wozizira, fani sikuzungulira: vuto lili pa fani, fyuzi, relay kapena mawaya.
* Masensa onse akwera, fani ili pa liwiro lalikulu, koma pa chibowo mpweya ukukokedwa mofooka: njira ya mpweya yatsekeka.
* Masensa onse akwera ndipo mpweya wolowa ndi wotenthanso: m'galimoto mwatentha, ndipo AC ndi imene iyenera kuyang'anidwa.
* Mbali imodzi yokha ikutentha mofulumira galimoto ikamakoka: pali mojulo yofooka, polumikizira polakwika, kapena mipata ya mbali imeneyo yadzaza fumbi.
* Mpweya ukuyenda bwino koma batire lonse likutentha msanga pa ntchito yochepa: maselo ambiri akalamba.

Sikana imasonyezanso malire a mphamvu imene kompyuta ikulola kulowa ndi kutuluka m'batire. Malirewa akamatsika pamene kutentha kukukwera, ndi umboni wakuti kufooka kwa galimoto kukuchokera ku kutenthako.

Kuyesa fani

Techstream imatha kulamula fani kuti izungulire pa liwiro losiyanasiyana galimoto itaima. Pa Prius ya m'badwo wachiwiri liwiroli lili m'magawo 6. Makaniko amamvetsera ngati phokoso likukwera pa gawo lililonse, ndipo amaika kapepala kopepuka pa chibowo kuti aone mphamvu ya kukoka. Ngati fani siyankha, amayeza ndi multimeter ngati magetsi a 12 V akufika pa pulagi yake. Magetsi akamafika koma fani osazungulira, mota yafa. Akapanda kufika, amabwerera m'mbuyo kutsata waya, relay ndi fyuzi. Kumva phokoso lokha sikokwanira, choncho fani imachotsedwa kuti mapiko ake aonedwe ndi maso.

Kuyesa mabuloko pa ntchito

Buloko yofooka imatha kuoneka yabwino galimoto itaima. Imadziwika pamene batire likugwira ntchito yolemetsa. Munthu mmodzi amayendetsa, wina akuwerenga sikana. Ponyamuka mwamphamvu, mavoliti a buloko yofooka amatsika kuposa a zinzake. Pogwira buleki, a buloko yomweyo amakwera kuposa a zinzake. Pa batire labwino mabuloko onse amatsikira ndi kukwerera limodzi, ndipo amasiyana pang'ono chabe. Buloko ikamatsalira ndi pafupifupi 1.2 V nthawi zonse, zimasonyeza kuti selo imodzi mwa maselo ake 12 yafa. Sikana imawerengeranso resistance ya buloko iliyonse, ndipo chofunika kwambiri ndi kuona imene yasiyana ndi zinzake.

Kutsegula batire

Umboni ukaloza m'kati, batire limachotsedwa m'galimoto n'kutsegulidwa. Amayang'ana mamojulo ofufuma, madontho oyera kapena onyowa a mankhwala, dzimbiri pa mkuwa, pulasitiki yosungunuka ndi fumbi la m'mipata. Mojulo iliyonse imayezedwa payokha, poyamba ili chabe, kenako italumikizidwa ku chinthu chodya magetsi monga babu la galimoto kwa nthawi yofanana. Mamojulo a NiMH sachajidwa ali omasuka pa zitsulo zowapanikiza, chifukwa amafufuma n'kuwonongeka. Pobwezera, manati a pa Prius amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu pa 5.4 N·m. Kumanga mofooka kumatenthetsa polumikizira, ndipo kumanga mopyola kumathyola bawuti ya mojulo.

Mavuto ena ofanana nalo

Si kutentha konse kwa galimoto ya hybrid kumene kumachokera ku batire. Inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, ili ndi madzi akeake oziziritsa ndi pampu yamagetsi, zosiyana ndi za injini. Pampuyi ikafa, nyali yochenjeza imayaka, galimoto imachepa mphamvu, ndipo khodi imene imabwera kawirikawiri ndi P0A93. Mu 2012 Toyota inaitanitsa Prius zambiri za m'badwo wachiwiri kuti ikasinthe pampu imeneyi. Makaniko amaiyesa poyang'ana ngati madzi akuyenda m'kabotolo ka inverter galimoto ili pa READY. Kutentha kwa injini ya petulo kulinso ndi magwero ake, monga rediyeta yotsekeka. Khodi ya P0AA6 imanena za magetsi amphamvu amene akudutsira ku thupi la galimoto, zomwe zimatha kuchitika mojulo ikamadontha, ndipo imafuna kafufuzidwe kena.

Chitetezo

Magetsi a batire lalikulu amatha kupha munthu. Mawaya ake ndi a mtundu wa olenji kuti azidziwika. Munthu wamba akhoza kuyang'ana chibowo, kutsuka sefa ndi kuwerenga sikana, koma kutsegula batire ndi ntchito ya amene anaphunzira. Asanagwire chilichonse, makaniko amazimitsa galimoto, kuika kiyi kutali, kuchotsa waya wa negative pa batire la 12 V, kuvula mphete ndi wotchi, ndi kuvala magolovesi a rabala oyesedwa kufika 1,000 V. Kenako amazula pulagi ya olenji yodula magetsi a batire n'kuisunga m'thumba mwake kuti wina asaibwezere. Amadikira mphindi 10 kuti magetsi otsalira mu inverter athe, ndipo amatsimikiza ndi multimeter. Pulagiyi imangodula batire m'zigawo ziwiri, choncho m'kati mwa bokosi mumakhalabe magetsi oopsa.

Madzi a m'maselo a NiMH ali ndi potassium hydroxide, mankhwala owotcha khungu ndi maso. Akagwera pathupi amatsukidwa ndi madzi ambiri ndipo munthuyo amapita kuchipatala. Batire la lithium-ion lili ndi ngozi ina. Kapulasitiki kolekanitsa mbali ziwiri za selo kamayamba kusungunuka cha pa madigiri 130, ndipo selo ikafika pamenepo imatha kudzitenthetsa yokha n'kuyatsa zinzake. Moto wotere umafuna madzi ochuluka kwambiri ndipo umatha kuyambiranso patapita maola. Pakamveka fungo lopserera kapena pakaoneka utsi, woyendetsa amayenera kuima, kuzimitsa galimoto, kutulutsa anthu onse, kutalikira ndi kuitana ozimitsa moto.

Kukonza ndi kupewa

Kukonza kumatsata chimene chapezeka. Fani yakuda imatsukidwa ndi bulashi ndi mpweya, sefa imatsukidwa kapena kusinthidwa, ndipo sensa yowonongeka imasinthidwa. Tizitsulo ta dzimbiri timatsukidwa kapena kuikapo tatsopano. Maselo akafa pamakhala njira zitatu: kusintha mojulo yofooka yokha, kugula batire lakale lokonzedwanso, kapena kugula latsopano. Kusintha mojulo imodzi n'kotsika mtengo, koma mamojulo otsalawo ndi a msinkhu womwewo ndipo anadutsa m'kutentha komweko, choncho ina imatha kufa pakapita miyezi. Mojulo yolowa imayenera kufanana mphamvu ndi zinzake. Pambuyo pa ntchito iliyonse galimoto imayendetsedwanso sikana ili yolumikiza, kuti zitsimikizike kuti kutentha kwatsikadi. Mamojulo akufa satayidwa kudzala kapena kuwotchedwa, chifukwa mankhwala ake amawononga nthaka ndi madzi, ndipo nickel yake imatha kugwiritsidwanso ntchito.

Kupewa kumadalira zizolowezi zosavuta: kusatseka chibowo, kusathira madzi pafupi nacho potsuka galimoto, kuimika galimoto pamthunzi, kutsegula mawindo kwa kanthawi musananyamuke kuti mpweya wotentha utuluke, ndi kuyatsa AC kukatentha. Pa mtsetse wautali, giya ya B imachititsa kuti injini ithandize kuchepetsa liwiro, motero batire ndi mabuleki zimapepukidwa.

M'madera otentha ndi afumbi

Galimoto zambiri za hybrid zimene zikuyenda ku Malawi ndi ku Zambia ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, monga Aqua, Prius, Corolla Axio, Fielder ndi Honda Fit, ndipo zambiri zimadzera pa doko la Dar es Salaam. Zimafika batire lili ndi zaka zingapo, ndipo mauthenga a pa dashibodi amakhala m'Chijapani, zomwe zimachititsa kuti chenjezo lokhudza kuziziritsa batire lisamveke msanga. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nthawi yomwenso misewu ya dothi imakhala ndi fumbi lambiri. Mtsetse wa Thabwa, pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, umaphatikiza zinthu ziwiri: batire limadzaza potsika, kenako galimoto imalowa m'dera lotentha. Oyendetsa ena amazimitsa AC pofuna kupulumutsa mafuta n'kutsegula mawindo, ndipo izi zimalowetsa mpweya wotentha ndi fumbi pa chibowo cha batire. M'madera otere fani ndi sefa zimafunika kuyang'anidwa pafupipafupi kuposa mmene zimachitikira m'mayiko ozizira, ndipo wogula galimoto yakale amapindula akaiyezetsa ndi sikana ikuyenda asanalipire.